Tsiku Limene Ndinakalipira Mkulu Pabwalo la Ayezi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditanyamula mbale ya mandasi. Linali Lamlungu, titangotuluka m'mapemphero a Amalawi okhala mu Nairobi, ndipo mayi wina anandikoka dzanja n'kundiuza kuti kubwalo la ayezi, cha ku South C, akufuna munthu wodziwa chithandizo choyamba. Nthawi imeneyo ndinali pasukulu, ndikuphunzira za fiziyo, ntchito yothandiza anthu ovulala kuti ayambenso kuyenda. Ndinkakhala ku Pangani, m'kachipinda koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, ndipo kukakhala kulibe sukulu ndinkangozungulira m'menemo ngati nkhuku yosowa poikira. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti bwalo la ayezi n'chiyani. Ayezi amene ndinkamudziwa ine ndi wa mufiriji ndi wa mafirizesi a padepoti ya Kasungu.

Bwalolo linali m'kati mwa nyumba yaikulu. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'kati mukuzizira moti mano ankagundana. Pansi ponse panali madzi oumitsidwa, osalala, ozunguliridwa ndi kampanda kofika m'chiuno. Anthu ankabwera kudzavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi kwake n'kumatsetsereka, ena mwaluso, ambiri mwamantha.

Bwana wanga anali a Mutua, bambo wa ku Kenya komweko, wamfupi, wosadziwa kukhala pansi. Tsiku loyamba anandipatsa jekete la olenji, magolovesi, wezulo ndi nsapato zanga zamipeni. Anandionetsanso chikwama cha mabandeji, kolala yomangira khosi ndi machira amene ankakhala atatsamira pakampanda. Kenako anandiuza lamulo, ndipo anabwereza m'Chingerezi ndi m'Chiswahili kuti ndisadzanamizire chinenero.

“Tiyanjane, munthu akagwa n'kukhala osadzuka, iwe imba wezulo. Ine ndizimitsa nyimbo, onse aima, iwe ulowa. Palibe zokambirana. Haraka, ndiye kuti msanga.”

Masabata oyambirira amene ankagwa kwambiri pabwalopo ndinali ine ndemwe, wopulumutsa anthu. Ana a sukulu ankandidutsa akuseka. Madzulo ndikakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kubwerera ku Pangani ndinkakhalira mbali imodzi, ndipo kondakitala wina anafika pondifunsa ngati kunyumba amandimenya. Koma walira mvula walira matope. Ndinaphunzira.

Ndinaphunzira kuti nsapato imamangidwa molimba pakakolo, osati kuzala, chifukwa kakolo akagwedera mwendo umapotoka. Ndinaphunzira kuti mpeni wa kunsi uja suli ngati wa kukhitchini. Uli ndi kangalande pakati ndi nsonga ziwiri, yam'kati ndi yakunja, ndipo amaunola pamwala wozungulira wa magetsi. Kutsogolo kwake kuli timano tokumba ayezi podumpha. Timano timeneti timasiya maenje, choncho m'mawa uliwonse ndinkayenda ndi ndowa ya ayezi wophwanyika wothira madzi, kumatsira m'maenjemo n'kumasalaza ndi chitsulo chophwatalala. Ndikatha, a Mutua ankalowa ndi makina opala ayezi wapamwamba n'kuthira madzi otentha. Poyamba ndinkaganiza kuti mutu wawo sukugwira, kuthira madzi otentha pachinthu chofuna kuzizira. Anandiuza kuti otenthawo amalowa m'ming'alu yonse asanaume, ndiye pansi pamasalala bwino.

Aliyense wobwera koyamba ndinkamuphunzitsa zinthu ziwiri asanalowe. Ukagwa, fumbata zala, mnzako angakudule ndi mpeni wake. Podzuka, gwada kaye, ponda ndi phazi limodzi, ika manja onse awiri pabondo lomwelo, kankha. Ndinkawaphunzitsa bwino ndithu, koma sindinkawapatsa mpata woti ayese. Munthu akangoti khu, ine ndafika kale, ndamugwira m'khwapa, pakamwa pali pepani, pepani. Kwathu tinaleredwa choncho. Munthu akapunthwa pafupi nawe umapepesa ngati mwalawo unauika ndiwe, ndipo kumuyang'ana ali pansi osamudzutsa ndi ufiti. Anzanga a pantchito anandipatsa dzina loti Pole Sana, kutanthauza pepani kwambiri m'Chiswahili.

Munthu woyamba kundiletsa khalidwe limeneli anali a Tereza. Ankabwera m'mamawa bwalo lisanatsegulidwe, kudzaphunzitsa atsikana angapo kuvina pa ayezi. Anali mayi wa zaka za m'ma fifite, woyererapo, wowonda, woyenda motsimphina pang'ono akakhala panthaka. Akangoponda pa ayezi kutsimphinako kunkatha. A Mutua anandinong'oneza kuti mayiyu ali mtsikana anali katswiri wa dziko lake lonse, dziko lina lozizira la ku Ulaya, ndipo anapambana mipikisano mpaka chiuno chinawakana. Anawachita opaleshoni, anasiya kudumpha, ndipo ku Nairobi anabwera potsatira amuna awo amene ankagwira ntchito kubungwe lina.

Tsiku lina mtsikana wawo mmodzi analephera kutera bwino, anagwa chagada. Ine ndinakuwa kuti “Mayo ine!” n'kuthamanga. Ndisanamugwire, a Tereza anaima patsogolo panga, ayezi wopalidwa ndi mipeni yawo n'kundiwazikira m'miyendo.

“Usamugwire,” anatero m'Chingerezi. “Pampikisano nyimbo siidikira munthu. Akazolowera dzanja lako, adzakhala pansi kulidikira.”

Mtsikanayo anadzuka yekha n'kupitiriza. Ine ndinapsa mtima, ndinaona kuti mayiyu ndi wouma mtima ngati ayezi wakeyo. Koma iwo anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa pang'onopang'ono, m'Chichewa chopindika lilime:

“Iwe... wa ku Malawi?”

Zinapezeka kuti bambo awo, a Nkhoma, anali a ku Dowa. Anapita kudziko lozizira lija kukaphunzira, anakwatira komweko, a Tereza n'kubadwa. Mwana asanayambe sukulu, bamboyo anabwerera kwawo ndipo sanapitenso. Chichewa chimene a Tereza anatsala nacho chinali cha mwana wamng'ono: bwera, khala pansi, idya, usalire. Anadzaonananso ndi bambo awo iwo ali kale mayi wamkulu, mipikisano itatha kalekale. Mamendulo anawaonetsa, zithunzi anawaonetsa, koma a Nkhoma anali asanaonepo ndi maso awo mwana wawo akuvina pa ayezi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwatchula kuti anti. Akamaliza kuphunzitsa tinkakhala pabenchi, iwo akupukuta mipeni ya nsapato zawo ndi kansalu kuti isachite dzimbiri, ine ndikuwaphunzitsa moni wa akuluakulu. Sindinganame kuti ndinawakonda msanga. Anali munthu wosachedwa kukalipa, wosadziwa kunyengerera. Koma ndinayamba kumafika msanga kuntchito kuti ndingowaona akuzungulira bwalo okha.

Patapita miyezi, a Nkhoma anadwala mtima, ndipo a Tereza anawaitanitsa kudzagonekedwa kuchipatala chachikulu cha ku Parklands, mu Nairobi momwemo. Madokotala sanabise kuti nkhalambayo yatopa. Apa m'pamene a Tereza anayamba kuyeserera gule wawo wakale, yemwe anapambana naye ali mtsikana. Anachotsamo zodumpha zovuta n'kusiyamo kumodzi kokha chapakati. Poyeserera sankadumpha n'komwe, ankangofika pamalopo n'kukweza dzanja. Ankati chiunocho chatsala ndi mphamvu ya kudumpha kumodzi, sangaiwonongere pabwalo lopanda munthu.

Dokotala atalola kuti a Nkhoma atuluke m'mawa umodzi wokha, a Tereza anandikokera pakona.

“Tiya, mawa ndikhoza kugwa. Ndikagwa usaimbe wezulo, usalowe. Nyimbo ikazima sindiyambanso, ndikudzidziwa. Ndipo ababa sabweranso kuno. Ndikufuna aone mpaka kumapeto.”

“Anti, nanga a Mutua?”

“Ndawauza. Akuti lamulo ndi lamulo. Koma wezulo ili m'khosi mwako.”

Ndinagwira njakata. Sindinavomere, sindinakanenso, ndinangoti ndamva. Tsiku lonselo ndinagwira ntchito mtima uli kwina, mpaka ndinapatsa bambo wina nsapato ziwiri za phazi lakumanzere.

Kutacha, matatu inaima pamzere wa magalimoto mu Mombasa Road ngati yamera mizu. Ndinatsika n'kumaliza ndi miyendo. Ndinatsira maenje onse, ndinabwerezanso, ndinayang'ana m'chikwama cha mabandeji ngati kuti usiku wabwera wakuba. A Mutua anathira madzi awo otentha n'kukwera m'kachipinda kagalasi kokhala ndi zoimbira nyimbo. Kuchokera m'menemo ankaona bwalo lonse, ankandionanso ine.

A Nkhoma anafika panjinga ya odwala, atavala jekete la suti ndi chipewa, bulangete lili m'miyendo. Dalaivala amene anawakankha anawasiya pakhomo la kampanda n'kuthawira kunja kukaothera dzuwa. Ine ndinagwada pamphasa ya labala, nsapato zamipeni zili kuphazi.

“Mwadzuka bwanji, agogo?”

Nkhalambayo inadzidzimuka, kenako inaseka mpaka kutsokomola.

“Aa! Mwana wa kwathu m'firiji muno? Ndiwe mwana wa yani?”

“Wa a Phiri, a ku Kasungu.”

“Ndiye ukhale pompano, mdzukulu. Undiuze zikamachitika, maso angawa ndi akale.”

A Tereza analowa atavala diresi lakuda losakongoletsa. Anaima pakati pa bwalo, anayang'ana bambo awo, anaweramitsa mutu. Nyimbo inayamba.

Ndinali nditawaona akuyeserera kambirimbiri, koma tsiku limenelo anali munthu wina. Ankayenda chammbuyo mothamanga osacheuka, n'kutembenuka ndi phazi limodzi, mpeni ukulira pansi. Anatambasula mwendo umodzi kumbuyo n'kudutsa pafupi ndi ife atatambasulanso manja, mphepo yawo n'kugwedeza bulangete la a Nkhoma. Nkhalambayo inavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

“Ameneyu ndi Tereza?” anafunsa. “Tereza wanga?”

Ine maso anali pa a Tereza, chifukwa ndinkaidziwa nyimboyo ndipo ndinkadziwa chimene chikubwera. A Tereza anapita kumapeto kwa bwalo, anabwerera chammbuyo, anapinda bondo, anakumba ayezi ndi timano tija, ananyamuka. Anazungulira m'mwamba bwinobwino. Potera, mwendo wa chiuno chodwala uja unakana. Anagwera cham'mbali, dzanja lamanzere lili pansi pa thupi, ndipo anatsetsereka mpaka pafupi ndi kampanda ka tsidya lina. Phokoso lake ndimalimvabe.

Sanadzuke.

Wezulo inapezeka ili kale pakamwa panga, sindikudziwa kuti inafika bwanji. Nyimbo inkapitirira. Ndinayang'ana m'kachipinda kagalasi, a Mutua ataimirira, dzanja lili pa batani, maso ali pa ine. Ndinayang'ana a Tereza. Mutu sunagunde pansi, zimenezo ndinaziona. Miyendo inkasuntha. Koma za chiuno sindikanadziwa ndili kutali choncho, ndipo zimene ndinkaphunzira kusukulu zinkandiuza zoopsa zokhazokha.

“Mwana iwe, mdzutse!” anakuwa a Nkhoma. “Ukuyang'ana chiyani? Thamanga!”

Mawu a bwana m'Chingerezi munthu ukhoza kuwazemba. Koma mkulu akakulamula m'chinenero chimene anakulera nacho amayi ako, miyendo imayamba yokha kuyenda. Phazi langa limodzi linaponda pa ayezi. Ndinalibweza. Ndinalavula wezulo ija n'kugwira chitseko cha kampanda ndi manja onse awiri.

“Agogo, anandiuza okha kuti ndisalowe.”

“Anakuuza? Mwana wanga ali pansi iwe ukuti anakuuza? Choka apo!”

Anataya bulangete, anagwira kampanda, anayamba kudzikoka kuti aimirire. Munthu wodwala mtima, nsapato zachikopa kuphazi, akufuna kuponda pa ayezi. Ndinasiya chitseko n'kuwagwira mapewa. Anandimenya padzanja ndi chipewa chija, akunditukwana kuti ndine mwana wopanda mwambo, wouma mtima, woleredwa kutchire. Nkhope yawo yonse inali kwa ine, bwalo atalifulatira.

Podutsa paphewa pawo ndinaona a Tereza atagwada. Anaponda ndi phazi limodzi, anaika dzanja lamanja lokha pabondo, linalo atalikumbatira pamimba. Anakankha. Anaimirira, anagwedera, anamvetsera pamene nyimbo yafika, n'kuyambira pomwepo. Ndipo bambo amene ankamuvinira uja anali kalikiliki kulimbana ndi ine. Ndinaona kuti mayiyu wathyoka pachabe. Mkwiyo unandikwera, ndipo ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

“Khalani pansi!” ndinakuwa. “Khalani pansi muone mwana wanu! Mwabwerera chiyani kuno?”

Mawu anga anamveka bwalo lonse. A Nkhoma anagwera pampando pakamwa pali yasa. Ndinagwira njingayo n'kuitembenuza mwamphamvu kuti iyang'ane kubwalo, ndipo sindinaisiye.

Anaona zotsalazo. Anaona mwana wawo akuzungulira bwalo ndi dzanja limodzi lotambasula, akupondaponda mofulumira motsatira nyimbo, nkhope itayera ndi ululu. Pomaliza a Tereza anafika pakati n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi ngati nguli, pang'onopang'ono kenako mothamanga, mpaka diresi ndi munthu zinasanduka chinthu chimodzi. Nyimbo inatha iwo ataima. Munalibe woomba m'manja. A Nkhoma ankalira mosabisa, chipewa chili pansi.

Apo m'pamene ndinaimba wezulo n'kulowa ndi chikwama. Dzanja linali litayamba kale kutupa pamfundo. Ndinalimangirira kukathabwa ndi bandeji n'kulikoleka m'khosi, ndipo ndinawaletsa kuvula okha nsapato.

“Aona?” anandifunsa.

“Aona, anti.”

Kuchipatala anapeza kuti fupa la padzanja lathyoka. Chiuno chinapulumuka, koma a Tereza sanadumphenso.

A Mutua anandiitana bwalo lisanatsegulidwe. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anandifunsa kuti chikanakhala chiuno kapena msana amuna awo a Tereza ndikanawauza chiyani. Anandilanda wezulo ndi jekete la olenji n'kundiika pakauntala yobwereketsa nsapato. Miyezi yonse yotsala pantchitoyo ndinaithera pamenepo, kupopera mankhwala m'nsapato zonunkha za anthu, ndikuyang'ana anzanga akutsetsereka. Zinandiwawa kwambiri. Komabe sindinawade a Mutua, chifukwa lamulo lawo lapulumutsa anthu ambiri kuposa amene ine ndingawawerenge.

Chimene ndinatola pantchito imeneyo n'chakuti dzanja lothandiza nthawi zina limathamanga chifukwa mwini wake walephera kupirira, osati chifukwa wagwayo walifuna. Masiku ano ndisanagwire wodwala ndimayamba ndamufunsa chimene akufuna, ndipo akandiuza ndimamvera ngakhale mtima ukundikoka. Sikuti ndinazolowera. Thupi limandinyerenyetsabe nthawi iliyonse.

Za a Nkhoma ndinkaganiza kuti zathera pomwe paja. Powatulutsa sanandiyang'ane n'komwe, ndipo masiku otsatira ndinkadya osamva kukoma, ndikuganiza kuti amayi anga akanamva kuti ndakalipira nkhalamba yodwala akanandikana. Kenako a Tereza anandiimbira foni kuti ababa akundifuna.

Ndinapita ku Parklands nditanyamula nthochi, mawu opepesa nditawakonza bwino m'matatu. Ndinawapeza okha m'chipinda, atatsamira mapilo, ataonda kuposa tsiku lija. Ndinagwada pambali pa bedi.

“Agogo, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa kukukwezerani mawu.”

“Unalakwadi,” anatero. “Makolo ako akanamva akanachita manyazi. Dzuka, khala apa.”

Ndinakhala pampando. Anayamba kundifunsa za gule uja, chimodzichimodzi. Ankafuna kudziwa kuti munthu amayenda bwanji chammbuyo osagunda khoma, kuti pozungulira paja sachita chizungulire bwanji, kuti zimatenga zaka zingati. Anati akuchita manyazi kufunsa mwana wawo, chifukwa ndi zinthu zimene bambo amayenera kuzidziwa kale. Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinawauzanso zimene a Tereza anandiuzapo pabenchi paja, kuti ali mwana ankadzuka kukadali mdima kupita kubwalo asanapite kusukulu, chaka ndi chaka. Ankangogwedeza mutu.

Kenako anayamba kusisita bulangete ndi chala.

“Pali chimodzi chimene sindinaone,” anatero. “Maso anga anali pa iwe. Atagwa paja, anamudzutsa ndani?”

“Palibe, agogo. Anadzuka okha.”

Anatembenuzira nkhope kuwindo. Atayankhula, mawu awo anali otsika moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

“Anazolowera,” anatero. “Ndinamuzoloweza ndine.”